Porsche: injini imene inakana kuchoka kumbuyo, ndi mtengo woisunga

Mukatsegula boneti ya Porsche 911 simupezamo injini. Muli dzenje loikamo chikwama chimodzi kapena ziwiri, basi. Injini ili kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa matayala akumbuyo, pamalo pamene aliyense wophunzira zopanga galimoto amauzidwa kuti asaikepo chinthu cholemera. Kampani ya Porsche yaumirira malo amenewa pa 911 kuyambira mu 1963, ndipo mbiri yake, ngakhalenso zimene munthu amakumana nazo akagula galimoto yake, zimamveka bwino mukayambira pa liuma limeneli.

Vuto lake silovuta kulimvetsa. Mukaponya nyundo, kumutu kolemerako ndiko kumafuna kutsogola. Pa 911, pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a kulemera kwa galimoto amakhala pa matayala akumbuyo. Mukalowa pakona muli pa liwiro, n'kuchita mantha n'kuchotsa phazi pamoto mwadzidzidzi, kulemera kumathamangira kutsogolo, matayala akumbuyo amapepukidwa, ndiye kumbuyoko kumayamba kufuna kupitirira kutsogolo. Komabe kulemera komweko kuli ndi phindu lake. Ponyamuka, matayala akumbuyo amakanirira pansi osaterereka. Pogwira buleki, matayala onse anayi amagawana ntchito m'malo moti akutsogolo okha azivutika. Zaka zonsezi akatswiri a Porsche akhala akuweta choipacho kuti chabwinocho chitsale.

Bambo, mwana ndi nkhondo

Ferdinand Porsche anabadwa mu 1875 ku Maffersdorf m'chigawo cha Bohemia, komwe lero ndi dziko la Czech Republic. Anayamba ndi magetsi. Mu 1900, pa chionetsero cha ku Paris, anaonetsa galimoto ya Lohner-Porsche yokhala ndi mota yamagetsi m'kati mwa mawilo. Atagwira ntchito ku Austro-Daimler kenako ku Daimler, mu 1931 anatsegula ofesi yakeyake ku Stuttgart pamodzi ndi mkamwini wake Anton Piëch ndi Adolf Rosenberger. Ofesiyi sinkapanga galimoto za dzina la Porsche. Inkajambula ndi kukonza mapulani a galimoto za makampani ena, ndipo ntchito yaikulu inabwera mu 1934, pamene boma la Hitler linawapatsa ntchito yokonza galimoto yotsika mtengo ya anthu wamba, imene pambuyo pake inadzakhala Volkswagen Beetle. Injini yake inali kumbuyo, yozizira ndi mphepo. Mbewu ya 911 ndi imeneyo.

Gawo ili la mbiri lili ndi mdima wake, ndipo kulilumpha n'kunama. Rosenberger, amene anali Myuda ndipo anathandiza kwambiri pa ndalama zoyambira, anachotsedwa m'kampanimo, anatsekeredwa kwa kanthawi mu 1935, kenako anathawa n'kukathera ku America. Ferdinand Porsche analowa chipani cha Nazi, anakonza galimoto zankhondo ndi akasinja, ndipo m'mafakitale amene ankayang'anira munkagwira ntchito anthu ogwidwa ukapolo. Nkhondo itatha, a ku France anamumanga mu Disembala 1945 ndipo anatuluka mu 1947 ali wofooka. Anamwalira mu Januwale 1951.

Choncho galimoto yoyamba ya dzina la Porsche si ya bamboyo. Ndi ya mwana wake Ferry, amene anali atasamutsira ntchito ku Gmünd, kamudzi ka m'mapiri a ku Austria, m'nyumba zimene kale ankachekeramo matabwa. Kumeneko anatenga injini ya Beetle ndi zipangizo zina, n'kuziveka thupi lopepuka la aluminiyamu losulidwa pamanja. Galimoto yoyambayo, 356, inalembetsedwa pa 8 Juni 1948. Mphamvu yake inali mahosipawa 35 okha, koma inkalemera makilogalamu osakwana 600. Mfundo ya Ferry inali yoti galimoto yaing'ono yopepuka imakoma kuyendetsa kuposa chimgalimoto champhamvu koma cholemera. Pa yoyambayo injini inali pakati, koma zogulitsa zinatsatira Beetle, injini kumbuyo, kuti pakhale malo ndiponso mtengo utsike.

Mu 1950 ntchito inabwerera ku Stuttgart, kudera la Zuffenhausen, komwe 911 ikupangidwabe mpaka lero. Msika umene unakweza kampaniyi unali wa ku America, kudzera mwa wamalonda wa ku New York Max Hoffman, amene anawakakamiza kupanga mtundu wopanda denga, wosakhala ndi zambiri, wotsikirako mtengo. Ndiyo Speedster ya mu 1954. Pofika mu 1965 pamene 356 inasiya kupangidwa, zinali zitatuluka zoposa 70,000.

911

Yolowa m'malo mwake inaonetsedwa ku Frankfurt mu Seputembala 1963 ndi nambala ya 901. A Peugeot anadandaula kuti manambala atatu okhala ndi ziro pakati ndi awo, ndiye a Porsche anangosintha ziroyo n'kuika 1. Maonekedwe ake anachokera ku gulu lotsogozedwa ndi mdzukulu wa Ferdinand, mwana wa Ferry, Ferdinand Alexander Porsche. Injini inali yatsopano, ya malita 2, masilinda 6 ogona chopingasa, atatu uku atatu uku, yozizirabe ndi mphepo, mahosipawa 130.

Zoyambirirazo zinali zovuta pamsewu, moti kampani inachita chinthu chimene akatswiri ake sankanyadira. Ankabisa zitsulo zolemera makilogalamu 11 chilichonse kumapeto a bampala yakutsogolo kuti mphuno ikhale pansi. Tangoganizani, kampani yotchuka ndi kupepuka ikuwonjezera dala chitsulo chopanda ntchito. Mu 1968 anasunthira matayala akumbuyo chakumbuyo ndi mamilimita 57 kuti galimoto ikhazikike. Kenako anakulitsa matayala akumbuyo kuposa akutsogolo, n'kuika kachipsepse kumbuyo pa Carrera RS 2.7 ya mu 1973 kuti mphepo izipanikiza galimoto pansi. RS imeneyo ankati apange 500 zokha kuti akwaniritse malamulo a mpikisano, koma anthu anailimbirana mpaka anapanga 1,580.

Mu 1975 kunabwera 911 Turbo, ya mahosipawa 260 ndi magiya anayi. Turbo ya nthawi imeneyo inkachedwa kudzuka. Munthu ankaponda moto, osamva kanthu, n'kupondanso kwambiri, kenako mphamvu yonse n'kufika nthawi imodzi ngati wamenyedwa kumsana. Zimenezi zikachitika pakati pa kona, woyendetsa n'kuchita mantha n'kuchotsa phazi, zotsatira zake ndi zija tafotokoza kale. Ambiri amene anaigula chifukwa cha ndalama, osati luso, anaona zakuda.

Dzina la Porsche linakula kwenikweni pa mipikisano. Mdzukulu wina, Ferdinand Piëch, anatsanulira chuma cha kampani pa galimoto ya 917. Malamulo ankafuna kuti pakhale galimoto 25 zenizeni, ndipo mu Epulo 1969 anazindandalika zonse pabwalo la fakitale kuti oyendera aziwerenge. Chaka chotsatira, 917 yoyendetsedwa ndi Hans Herrmann ndi Richard Attwood inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, koyamba m'mbiri ya kampaniyi. Lero Porsche yapambana kumeneko maulendo 19, kuposa kampani ina iliyonse.

Koma m'banjamo munalibe mtendere. Ana a Ferry ndi ana a mlongo wake Louise Piëch ankakanganirana maudindo, moti mu 1972 anagwirizana kuti onse achoke pa utsogoleri wa tsiku ndi tsiku, kampani iziyendetsedwa ndi anthu olembedwa ntchito. Atsogoleri atsopanowo, makamaka Ernst Fuhrmann, ankaona kuti 911 yafika pamapeto. Malamulo a utsi ndi phokoso ankakhwima, ndipo injini yozizira ndi mphepo inkaoneka yachikale. Anapanga 928, ya injini ya V8 kutsogolo, yozizira ndi madzi, imene inasankhidwa kukhala galimoto yapamwamba ya chaka cha 1978 ku Ulaya. Inali galimoto yabwino zedi, mwinanso yoposa 911 pa zambiri. Kungoti ogula sanaifune m'malo mwa 911.

Peter Schutz, amene anatenga utsogoleri mu 1981, ankakonda kusimba kuti analowa mu ofesi ya mkulu wa akatswiri Helmuth Bott n'kupeza tchati pakhoma chosonyeza kuti mzere wa 911 ukuthera chaka chomwecho. Anatenga cholembera n'kupitiriza mzerewo mpaka kutuluka papepala, kupitirira pakhoma. Nkhaniyi mwina anaithira mchere, koma chimene chinachitika n'choti 928 inatha mu 1995 pamene 911 ikadalipo.

Madzi atafika m'khosi

Kupulumutsa 911 sikunapulumutse kampani. Dola ya ku America itagwa mphamvu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, galimoto za ku Germany zinakwera mtengo kumeneko. Porsche inagulitsa galimoto pafupifupi 30,000 ku America mu 1986, koma mu 1993 sizinakwane 4,000. Fakitale inkakhalira maganyu, kulumikizira a Mercedes-Benz galimoto ya 500 E ndi a Audi ya RS2. Kapangidwe kake kanalinso kowononga ndalama. Mitundu itatu ya galimoto inkagwiritsa ntchito zipangizo zosiyana, ndipo antchito ankataya nthawi kusakasaka sipeya m'mashelefu aatali odzaza katundu wa milungu yambiri.

Wendelin Wiedeking, amene anakhala mkulu mu 1993, anaitana alangizi a ku Japan amene kale ankagwira ntchito ku Toyota. Kwa amisiri onyada a ku Stuttgart chinali chipongwe, koma anamvera. Wiedeking mwiniwake anatenga sowo yamagetsi n'kudula mashelefu aja antchito akuona. Chachikulu chinali chiganizo chopanga galimoto ziwiri pa maziko amodzi: Boxster ya mu 1996, yotsikirako mtengo, ndi 911 yatsopano ya mu 1997 yodziwika ndi nambala ya 996. Kuyambira kumphuno mpaka kuzitseko zinali pafupifupi chimodzimodzi. Ndipo kwa nthawi yoyamba injini ya 911 inayamba kuzizira ndi madzi. Okonda zakale analira chokweza, mpaka lero ena amati 911 yeniyeni inatha mu 1998 ndi mtundu wa 993.

Analiranso kwambiri mu 2002 pamene kunatuluka Cayenne, chimgalimoto chachitali cha zitseko zinayi, chogawana maziko ndi Volkswagen Touareg. Ine ndimaona kuti kulirako kunali kopanda pake, chifukwa manambala amanena okha. Mu 2023 Porsche inapereka kwa ogula galimoto 320,221. Mwa zimenezi, 911 zinali pafupifupi 50,000, pamene Cayenne ndi mng'ono wake Macan pamodzi zinaposa 170,000. Ndalama zimene zimalola kampani kumataya zaka ikusula kagalimoto ka injini yakumbuyo zimachokera kwa makolo otengera ana kusukulu pa Cayenne.

Phindu litachuluka, mtima unakula. Kuyambira mu 2005 Porsche inayamba kugula masheya a Volkswagen, kampani yaikulu kuposa iyo maulendo ambirimbiri. Mu Okutobala 2008 inalengeza kuti ili ndi magawo 42.6 pa 100 alionse, ndiponso mapangano oti ikhoza kugula ena 31.5. Amalonda amene anabwereka masheya a Volkswagen n'kuwagulitsa, pobetcha kuti atsika mtengo, anagwira njakata, popeza pamsika panalibenso masheya okwanira oti agule n'kubweza. Mtengo wa sheya imodzi unadutsa mayuro 1,000, ndipo kwa kanthawi kochepa Volkswagen inakhala kampani yamtengo wapatali kuposa zonse padziko. Koma Porsche inali itadzikundikira ngongole ya mayuro pafupifupi 10 biliyoni, mabanki ali pamavuto. Wiedeking anachoka mu Julayi 2009, ndipo pofika mu 2012 Volkswagen ndiyo inameza Porsche. Chodabwitsa n'choti mabanja a Porsche ndi Piëch sanaluze. Kampani yawo yosunga masheya, Porsche SE, ndiyo ili ndi mavoti oposa theka mu Volkswagen. Mu Seputembala 2022 gawo lopanga galimoto linalowa pamsika wa masheya ku Frankfurt litagawidwa m'masheya 911 miliyoni.

Kukhala nayo

Funso loti kukhala ndi Porsche kumakhala bwanji lilibe yankho limodzi, chifukwa zimatengera kuti ndi Porsche iti, ya chaka chanji, ndiponso amene anali nayo inu musanaigule ankaisamala bwanji.

Tiyambe ndi zokoma, chifukwa zilipo ndithu. Mukakhala mu 911, kiyi kapena poyatsira pamakhala mbali ya chitseko, osati pakati. Amati zinachokera ku Le Mans, komwe kale oyendetsa ankathamangira ku galimoto, n'kuliza injini ndi dzanja limodzi, linalo likulowetsa giya. Kutsogolo kwanu, wotchi yaikulu yapakati si yoonetsa liwiro koma yoonetsa kuzungulira kwa injini. Mumaona bwino kunja, mapiko awiri akutsogolo amakuuzani pamene pali matayala, ndipo chiwongolero chimapepuka m'manja chifukwa kutsogoloko kulibe cholemera. Phokoso limachokera kumsana. Chimene chimasiyanitsa 911 ndi galimoto zambiri za liwiro lofanana nayo n'choti mukhoza kupita nayo kuntchito tsiku lililonse, pamvula ngakhale pamzere wa galimoto, osatenthetsa injini kapena kuthyoka msana. Zamakono zili ndi makompyuta oletsa kuterereka, zina zimakhotetsanso pang'ono matayala akumbuyo, moti khalidwe loopsa lija munthu wamba sakumana nalo. Kampani imati galimoto zoposa 70 pa 100 zilizonse zimene inapangapo zikuyendabe, ndipo kudzera ku nthambi ya Porsche Classic imapangabe masipeya ambiri a galimoto zakalekale.

Wogula yatsopano amadzidzimuka koyamba ndi mndandanda wa zowonjezera. Mtengo wolembedwa ndi poyambira chabe. Mipando yabwinoko, utoto wapadera, chikopa pa dashibodi, makina okweza mphuno kuti isakhule pamahampu, ngakhale malamba a mtundu wina, chilichonse chili ndi mtengo wake, ndipo si zachilendo kuti zowonjezerazo zikwane mtengo wa galimoto ina yaing'ono yatsopano. Kudzidzimuka kwachiwiri n'koti pa mitundu yosowa, monga GT3 RS, ndalama zokha sizikwanira. Ogulitsa amapatsidwa zochepa, ndipo amayamba aganizira makasitomala amene agulapo galimoto zingapo. Mu 2016 kampani inapanga 911 R zokwana 991 zokha, za giya yamanja, pa mtengo wa mayuro pafupifupi 190,000. Ena atangozilandira anazigulitsanso pa mtengo wowirikiza kangapo. Kampani sinakondwe, ndipo chaka chotsatira inatulutsa GT3 Touring, yofanana nayo kwambiri koma yopanda malire a chiwerengero. Mitengo ya R inatsika.

Ambiri amalowera khomo la galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo kumeneku n'kumene munthu amafunika kudziwa chimene akugula.

Ma 911 akale ozizira ndi mphepo amafuna mwini wodziwa miyambo yake. Oyilo sakhala pansi pa injini ngati m'galimoto zina. Amakhala m'thanki yakeyake m'mbali, ndipo amalowa malita pafupifupi 10 kapena kuposerapo, popeza oyiloyo amathandizanso kuziziritsa. Pomuyeza, injini iyenera kukhala itatentha, ikulira, galimoto ili pamalo osatsetsereka. Wosadziwa amayeza m'mawa injini ili yozizira, n'kuona ngati oyilo watha, n'kuthira wina, kenako galimoto n'kuyamba kufuka utsi ngati yapsa. Pa mtundu wa 1972 anaika kachitseko kothirira oyilo kunja, kumbuyo kwa chitseko chakumanja, koma akuti ogwira ntchito pothirira mafuta ankathiramo petulo, ndipo kanangokhala chaka chimodzi. Chotenthetsa m'kati chimatenga kutentha ku paipi ya utsi, moti chikachita dzimbiri utsi umalowa m'galimoto. Zopangidwa chisanafike chaka cha 1975, pamene anayamba kukuta thupi ndi zinki, dzimbiri limazidya kuchokera m'kati, ndipo utoto wonyezimira sunena kanthu. Ngakhale zili choncho, mitengo ya zimenezi inakwera koopsa m'zaka za m'ma 2010, ndipo ambiri amene anazisunga anapeza kuti zimene anawononga pokonza zinabwerera.

Zotsika mtengo kwambiri pamsika ndi Boxster zoyambirira ndi 996, ndipo pali chifukwa. M'kati mwa injini zake muli shafiti yapakati imene imatenga mphamvu ku crankshaft, shafiti yaikulu yozunguzidwa ndi mapisitoni, n'kuipereka kwa matcheni oyendetsa mavalavu. Kumapeto kwake kuli beringi yotsekedwa, yodalira girisi wakewake, imene eni ake amangoitchula kuti IMS. Pakapita nthawi girisiyo amatha kusukuluka, beringi n'kuyamba kudyeka mwakachetechete. Ikasweka, matcheni amalumpha, mavalavu amakumana ndi mapisitoni, injini yonse n'kukhala chitsulo chakutha. Zambiri sizinasweke, koma zimene zinasweka zinachuluka mokwanira kuti ku America eni ake akasume limodzi, ndipo mu 2013 kampani inavomera kulipira pa galimoto za 2001 mpaka 2005. Kabering'i kameneka pakokha si kodula kwenikweni, koma kuti mukafikire muyenera kutsitsa giyabokosi. N'chifukwa chake eni ochenjera amakasintha nthawi imene akusintha kilatchi, ndipo pa sevisi iliyonse amauza makaniko kuti ang'ambe fyuluta ya oyilo n'kuyang'ana ngati muli tizitsulo tonyezimira. Injini za mtundu wa 2009 kupita m'tsogolo zilibenso shafiti imeneyi, ndipo za Turbo ndi GT3 za nthawi imeneyo zinali za mtundu wina, wochokera ku injini zampikisano za katswiri Hans Mezger.

Palinso tizinthu timene munthu amangophunzira atakhala nayo. Marediyeta ali kumphuno, kuseri kwa bampala, ndipo masamba ndi zinyalala zimaunjikana m'makona mwake, n'kumasunga chinyezi mpaka rediyeta kuboola. Batire lili m'buti yakutsogolo, koma pa mitundu yambiri butiyo imatseguka ndi magetsi. Batire likafa, buti sitseguka, ndiye kuti batire simulifikira. Njira yake ndi kutsegula bokosi la mafyuzi pafupi ndi mapazi a woyendetsa, kukoka kachitsulo kofiira, n'kulumikizapo batire lina kuti loko amasuke. Ndipo batire limafadi, chifukwa galimoto zoterezi anthu amakonda kuziimika milungu. Kuima kumaziwononga kuposa kuyenda: marabala amauma n'kuyamba kudontha, matayala amaphwatalala pamene akhalira, mabuleki amagwira dzimbiri. Galimoto ya makilomita ochepa kwambiri pa zaka zake siyenera kukusangalatsani msanga.

Matayala ndiwo ndalama imene imatuluka kawirikawiri. Akumbuyo ndi aakulu, amanyamula injini, ndipo amatha msanga kuposa akutsogolo. Kampani imalimbikitsa matayala okhala ndi chilembo cha N m'mbali, kusonyeza kuti anayesedwa pa galimoto zake. Zaka za tayala n'zofunika ngati mmene kulili kukhuthala kwa mapazi ake, popeza labala akakalamba amauma ngakhale akuoneka watsopano. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi onena mlungu ndi chaka chimene linapangidwa. Pa ngozi ya Carrera GT imene inapha katswiri wa mafilimu Paul Walker ndi mnzake mu Novembala 2013, ofufuza anatchula liwiro lopitirira muyezo, komanso anapeza kuti matayala ena anali a zaka pafupifupi 9.

Mukaona zogwirira mabuleki zachikasu kuseri kwa mawilo, dziwani kuti madisiki ake ndi a seramiki. Ndi opepuka, satulutsa fumbi lambiri, ndipo pamsewu wamba amakhalitsa zedi. Koma limodzi likagumuka m'mphepete, mwina chifukwa makaniko analigunda pochotsa wilo, mtengo wosinthira onse anayi ukhoza kugula galimoto ina. Wogula yakale ayenera kuwayang'anitsitsa asanapereke ndalama.

N'chifukwa chake eni ake onse amanena chinthu chimodzi: musagule musanaipititse kwa makaniko wodziwa Porsche, wosankha inuyo, osati wogulitsa. Iye amaikweza m'mwamba, amayang'ana podontha, amalowetsa kakamera m'masilinda kuti aone ngati makoma ake akalika, ndipo amalumikiza kompyuta. Kompyuta ya injini imasunga mbiri ya nthawi zonse zimene injini inazungulira kupitirira malire ake, ndiponso kuti zinachitika injini itagwira ntchito maola angati. Pa galimoto ya giya yamanja, munthu akalakwitsa n'kulowetsa giya yachiwiri m'malo mwa yachinayi ali pa liwiro, zimalembedwa, ndipo wogulitsa sangazifufute ndi mawu okoma. Buku la sevisi ndi malisiti ake n'zamtengo wapatali kuposa mawilo okongola. Galimoto ikatsika mtengo, masipeya ake satsika nawo. Cayenne kapena Panamera (Porsche ina ya zitseko zinayi) ya zaka 12 ikhoza kugulidwa pa mtengo wa galimoto wamba, koma zonyamulira zake zampweya zikaphulika, bilu imabwera ya galimoto yapamwamba.

Pa nkhani ya kutsika mtengo m'pamene mitunduyi imasiyana kwambiri. 911 ili m'gulu la galimoto zosunga mtengo kuposa pafupifupi zina zonse, ndipo za GT nthawi zina zimakwera. Za zitseko zinayi zimatsika ngati galimoto ina iliyonse yapamwamba. Yotsika mofulumira kwambiri ndi Taycan, yamagetsi yokhayokha, imene inatuluka mu 2019. Pa kayendedwe ndi yodabwitsa, koma luso la mabatire likusintha msanga moti ya zaka zitatu imaoneka yotsalira. Kampani nayo yagwa m'mavuto ena. Ku China, komwe inagulitsa galimoto zoposa 95,000 mu 2021, mu 2024 inagulitsa zosakwana 57,000, chifukwa makampani a komweko akupanga zamagetsi zaliwiro pa mtengo wotsika kwambiri. Mapulani osiya petulo msanga awabweza m'mbuyo, ndipo 911 angoipatsa kabatire kakang'ono kothandizira injini kuyambira pa mtundu wa GTS wa mu 2024.

Wogula Taycan yakale safunsa za beringi kapena oyilo. Amafunsa chikalata chosonyeza mphamvu imene yatsala m'batire, ndi tsiku limene galimotoyo inalembetsedwa koyamba, chifukwa chitsimikizo cha kampani pa batire chimatha pakapita zaka 8 kapena makilomita 160,000. Kwa zoyambirira zija, nthawi imeneyo iyamba kukwana kumapeto kwa 2027.